Wowerenga Alipo, Wolipira Ndi Wina: Mbiri ya Malonda a Nkhani ku Mchinji

Nkhani yoyamba ya m'nyuzipepala imene ndimaikumbukira inandipeza itakulunga mandasi. Linali tsiku la msika pa Kamwendo, ine ndili sitandade 5, ndipo mafuta anali atanyowetsa pepalalo mpaka zilembo za kuseri kumaonekera kumaso. Inali nkhani ya mkulu wina amene anamugwira usiku ali ndi mbuzi yakuba pa njinga. Ndinkawerenga uku ndikutafuna, koma mlandu utangolowa m'khoti, pepala linathera pomwepo. Chigamulo chinapita ndi wina amene anagula mandasi ine ndisanafike.

Pepala lija linali litayenda ulendo wautali. Analisindikiza ku Blantyre, bwana wina analigula ku Lilongwe nkuliwerengera mu ofesi, mesenjala analiunjika pamodzi ndi anzake akale nkukagulitsa pa kilo, mayi wa mandasi nkuling'amba panayi. Ulendo wonsewo mwini nyuzipepala analandira ndalama kamodzi kokha, ndipo m'mabuku ake analemba kuti wawerenga ndi munthu mmodzi. Ife a ku Mchinji amene tinkadya makombo a nkhani sitinali m'kaundula wa aliyense. Ndikaunguza zaka zoposa 100 zimene anthu akhala akusindikiza m'chinenero chathu, ndimapeza kuti mutu umene wakhala ukuwawa wofalitsa aliyense ndi womwewo. Ofuna kuwerenga alipo khwimbi, koma wotulutsa ndalama amakhala wina, ndipo wotulutsa ndalamayo ndiye amasankha zoti enawo awerenge.

Boma lino lili pa mphambano. Azungu atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, kuno kunakhala maboma awiri oyandikana, Fort Jameson imene lero ndi Chipata, ndi Fort Manning imene lero ndi Mchinji. Pakati pake panadutsa malire ogawa anthu olankhula chinenero chimodzi, okwatirana, oikana maliro. Zilembo nazo zinalowa kuchokera mbali zonse ziwiri. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo anzawo ochokera ku Free State anatsegula Magwero kufupi ndi Fort Jameson mu 1899. Ansembe a White Fathers anakhazikika pa Kachebere mu 1903, m'mphepete penipeni mwa malire, pamene mu 1939 panadzatsegulidwa seminale yaikulu yosula ansembe a mbali zonse ziwiri.

Tikamakamba za amishoni timakonda kutchula tchalitchi ndi chipatala, kuiwala kuti iwowa ndiwo anali ofalitsa mabuku oyamba, ndipo pa luso lopeza owerenga palibe amene wawapitirira mpaka lero. Iwo sanafike nkumafunsa kuti kodi kuno kuli msika wa mabuku. Anayamba apanga kaye wowerengayo. Pamudzi pakamangidwa kasukulu ka udzu, mphunzitsi amene ankaphunzitsa a, e, i, o, u mkati mwa sabata ndiye ankalalikira Lamulungu, ndipo yemweyo ndiye ankanyamula timabuku ta katekisima ndi nyimbo kuchokera ku mishoni nkumagulitsa kwa a m'kalasi. Mlembi, wosindikiza, wonyamula ndi wogulitsa onse anali a nyumba imodzi, ndipo wogula ankabwera yekha sabata iliyonse atasamba, belu litamuitana. Amishoni a Dutch Reformed anayamba magazini ya Mthenga mu 1909, imene malo ake inadzatenga ndi Kuunika. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira anaitsogolera William Murray, linasindikizidwa mu 1922. Ndi m'khola lomwelo mmene munatuluka mphunzitsi Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa, kenako nkudzalemba Mbiri ya Achewa.

Mabukuwo sanali aulere, ndipo pamenepa mpoyenera kuimapo pang'ono. Agogo anga aakazi ankasimba kuti buku lawo la nyimbo linawadyera nkhuku ziwiri. Ankalikulunga m'kansalu nkulisunga pansi pa sutukesi, pamodzi ndi malisiti a msonkho a agogo aamuna, ndipo mwana ukaligwira ndi manja a ndiwo unkaona zakuda. Amishoni ankadziwa kuti chinthu chimene munthu wachiperekera nkhuku sachisiya pa khonde. Komabe nkhuku ziwirizo sizikanakwanira kugula makina, pepala ndi inki. Zotsalazo ankalipira akhristu a ku South Africa ndi ku Ulaya kudzera m'zopereka zawo. Choncho kuyambira pachiyambi penipeni, buku la Chinyanja linayenda ndi ndodo ya munthu wina.

Nyuzipepala yodziimira pa malonda inalipo kale, koma sinali yathu. Central African Planter inayamba mu 1895, nkudzasanduka Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero. Owerenga ake anali azungu a m'maesiteti ndi a m'boma, anthu ochepa koma okhala ndi ndalama, ndipo amalonda otsatsa katundu ankafuna maso a anthu amenewo. Atsamunda ataona kuti anthu akuda odziwa kuwerenga achuluka ndipo ayamba kutola zowerenga kwina, anaganiza zowaphikira okha. Ku Lusaka boma linayambitsa Mutende mu 1936, nyuzi ya Chingerezi, Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi, imene inayenda mpaka 1952. Ku Zomba nako kunatuluka Msimbi. Ku Salisbury kampani ya azungu ya African Newspapers inkasindikiza Bwalo la Nyasaland. Mu 1948 maboma awiriwa anakhazikitsa ofesi imodzi yofalitsa mabuku a m'zinenero za anthu akuda ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inatenga Chinyanja cha ku Chipata ndi cha ku Lilongwe ngati msika umodzi. Nzeru imeneyo ofalitsa a masiku ano anaitaya.

Amene ankagula zinthu zimenezi ndi ndalama ya m'thumba mwake kawirikawiri sanali mlimi wa kwa Mkanda kapena kwa Mavwere. Anali m'bale wake amene anapita ku Halale, ku Joni kapena ku migodi ya kopa. Iyeyo ankalandira malipiro pa mwezi, ankapukwa kumudzi, ndipo otsatsa njinga, sopo ndi mankhwala ankamufuna. Tsamba la makalata linali bwalo lake lodandaulirapo ndi lofunsirapo za abale. Akamabwerera kumudzi, nyuzi zakale zinkabwera zitayalidwa pansi pa bokosi la zovala, ndipo zinkawerengedwa pa mphala miyezi itapita kale. Kenako mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kamene azungu ankakatcha Saucepan Special, ka mapaundi 5, kopangidwira omvera a siteshoni ya ku Lusaka imene inkaulutsa m'Chinyanja ndi zinenero zina. Kuyambira pamenepo pepala linapeza mkazi mnzake amene safuna kuti munthu akhale wodziwa kuwerenga.

Andale a ufulu anatengera njira ya amishoni. Malawi News, imene Aleke Banda anaiyambitsa mu 1959 ali mnyamata, inkayenda m'manja mwa nthambi za chipani cha Malawi Congress monga mmene katekisima inkayendera m'manja mwa aphunzitsi. Kugula nyuzi imeneyo kunali kuonetsa mbali imene uli. Ufulu utabwera, khomo linayamba kutsekeka. Chaka cha 1968 chinabweretsa zinthu ziwiri pamodzi: msonkhano waukulu wa chipani unasandutsa Chinyanja kukhala Chichewa nkuchiika kukhala chinenero cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsa bungwe loletsa zilizonse zimene boma silinazikonde. Chinenero chinakwezedwa, koma pakamwa panamangidwa. Pofika zaka za m'ma 1970, Daily Times ndi Malawi News zonse zinali pansi pa denga limodzi la kampani ya Kamuzu, ndipo mpikisano unatha.

M'nthawi imeneyo zowerenga zinkafika ku Mchinji m'mitsinje itatu. Wina unali wa boma: Boma Lathu, nyuzi ya Chichewa yaulere imene inkabwera m'mitolo ku ofesi ya zofalitsa nkhani pa boma nkumagawidwa kwa mafumu, m'sukulu ndi kwa apampando a chipani, ndiponso Za Achikumbi imene alangizi ankabwera nayo pa njinga. M'dera la mtedza ndi fodya ngati lino, Za Achikumbi inali ndi ntchito yeniyeni, pakuti munthu ankapezamo katalikiridwe ka mizere ndi nthawi yothira feteleza. Boma Lathu inkawerengedwa, inde, koma inalinso ndi ntchito zina: kukutira makope a ana, kumata pa khoma, kupichirira chingambwe. Tsamba loyamba lokha, lokhala ndi chithunzi cha Ngwazi, ndilo munthu sankayerekeza kukulungira usipa. Amayi ankaliduliratu nkulibisa m'denga, kuopa kuti wachinyamata wa chipani angalipeze lili ndi mafuta. Mtsinje wachiwiri unali wa tchalitchi. Odini ya ku Likuni Press ndi Moni ya ansembe a Montfort ku Limbe, imene inayamba mu 1964, zinkagulitsidwa pa khomo la tchalitchi ku Ludzi, ku Guilleme, ku Kapiri ndi ku Kachebere misa ikatha. Moni inadziwa chimene achinyamata ankafuna, timinkhani tachikondi, malangizo, makalata ndi zithunzi, ndipo kope limodzi linkazungulira kalasi yonse mpaka chikuto kuthothoka.

Mtsinje wachitatu unali nyuzi ya aphunzitsi aakulu. Pa sukulu yathu iwo okha ndiwo ankagula Malawi News, ndipo inkabwera ndi basi ya UTM, nthawi zina Loweruka madzulo, nthawi zina Lolemba ngati mvula yavuta. Ankaiwerenga ali pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, magalasi ali pa nsonga ya mphuno, osafuna kusokonezedwa. Akamaliza, inkapita kwa achiwiri awo, kenako kwa adokotala a pa chipatala chaching'ono, kenako kwa atelala a pa khonde la golosale. Atelalawo ankawerenga mokweza masamba a Chichewa, phazi litasiya kupalasa makina, anthu odikira zigamba zawo atazungulira. Wina akafunsa kuti, "Bwerezani pamenepo, akuti wamwalira ndani?" iwo ankabwereza mosanyinyirika. Ikamabwerera kwa mwini wake Lachinayi, inali itafewa ngati nsalu. Tambala zimene aphunzitsi anapereka zinadyetsa nkhani anthu osachepera makumi awiri, ndipo wotsatsa malonda ku Blantyre sanawerengepo ngakhale mmodzi wa iwo.

Mabuku a nthano anapeza pobisala pena. Popular Publications ku Limbe ndi Dzuka ku Blantyre anasindikiza alembi ngati Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, ndipo mayina a J.W. Gwengwe ndi E.J. Chadza mwana aliyense wa sukulu ankawadziwa. Koma chinsinsi cha malondawo chinali chimodzi: buku likalowa pa silabasi ya mayeso, lagulidwa, likapanda kulowa, lidya fumbi. Wogula wamkulu anali boma kudzera ku Malawi Book Service. Bungwe limenelo litagwa m'zaka za m'ma 1990, mashelefu a mabuku m'maboma ang'onoang'ono anagwa nalo. Mpaka pano wofalitsa mabuku a Chichewa amayang'ana kaye kwa okonza silabasi asanayang'ane kwa wowerenga, ndipo sindimunena, pakuti ndi kumene kuli mphika.

Ife a m'malire tinali ndi zenera limene anzathu a ku Dedza kapena ku Zomba analibe. Ukapotoza pang'ono kabatani ka wailesi unkamva Zambia, ndipo madzulo anthu ankasonkhana kumvera nthano za Julius Chongo m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Opita kukaona abale kwa Mpezeni ankabwerako ndi Tsopano, nyuzi ya Chinyanja ya boma la Zambia. Tinkaseka kalembedwe kake, pakuti kumeneko salemba "ch" koma "c" yekha, moti chimanga chimasanduka cimanga, koma tinkamva zonse. Zenera limeneli linadzakhala lofunika mu 1991, pamene Frederick Chiluba anagonjetsa Kenneth Kaunda pa chisankho cha zipani zambiri. Anthu a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu anamva ndi makutu awo kuti mtsogoleri wa fuko angathe kuchoka pampando ndi voti, nthawi imene nyuzi za kwathu zinkalemba za Ngwazi ikuyendera mbewu.

Kenako zinthu zinathamanga. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse. Inasindikizidwa ku Montfort ku Balaka, makope ambiri ali a Chichewa, ndipo inafika m'parishi iliyonse tsiku limodzi boma lisanadzidzimuke. Palibe kampani ya nyuzi imene ikanatha kugawa chotero. Inali njira yakale ija ya amishoni ikugwira ntchito. Posakhalitsa nyumba ya makina ku Balaka inatenthedwa. Amene ankafuna kuyambitsa nyuzi zotsutsa anapeza kuti makina akuluakulu m'dziko muno ali m'manja mwa amene akumutsutsayo, ndiye ena anakasindikiza ku Lusaka. Malawi Democrat ya gulu la AFORD inkachokera kumeneko, ndipo mtolankhani Felix Mponda anamangidwa kumayambiriro kwa 1993 atafika ndi makope a New Express osindikizidwa ku Zambia. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa, nyuzi zinamera ngati bowa. The Nation ya Aleke Banda inayamba mu Julayi chaka chomwecho, pamodzi ndi zina zambiri zimene lero mayina ake timachita kukumbutsana.

Inenso ndinalowa nawo m'gule ameneyo. Ndinkatumiza nkhani za ku Mchinji ku kanyuzi kena ka ku Lilongwe, zolemba pamanja, zopatsira kondakitala. Zinkatuluka dzina langa lili pamwamba, ndipo kumudzi ndinkayenda ngati nduna. Ndalama zokha sindinazione. Ndinapitako katatu, ulendo uliwonse nkuuzidwa kuti, "Achimwene, mubwere sabata ya mawa, abwana apita kukatolera." Ulendo wachinayi ndinapeza m'chipindamo mukugulitsidwa kaunjika. Pambuyo pake ndinadzamvetsa kuti mkonziyo sanali wakuba kwenikweni. Ankasindikiza pa ngongole, mavenda a m'maboma sankabweza ndalama za makope, ndipo wandale amene ankathira mafuta anasiya chisankho cha 1994 chitangotha. Nyuzi zambiri za nthawi imeneyo zinafa imfa yomweyo.

Zimene zinatsala, makamaka za Times ndi za Nation, zinatsala chifukwa zinagwira otsatsa malonda. Tsegulani nyuzi ya tsiku lililonse muone amene adzaza masamba: mabanki, makampani a mafoni, mabungwe olengeza ntchito, unduna woitanitsa matenda a zomangamanga. Onsewo akufuna munthu wa m'tauni wowerenga Chingerezi. Ndalama ya wogula pa msewu payokha sikwanira, pakuti pepala, inki ndi zitsulo za makina zonse zimachokera kunja ndipo zimafuna madola. Kwacha ikagwa, monga inagwera mu 2012, mu 2022 ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mtengo wa nyuzi umadumpha, masamba nkuchepa, ndipo galimoto yogawa imayamba kusiya misewu yakutali. Mchinji ili pa mtunda wa makilomita ongopitirira pang'ono 100 kuchokera ku Lilongwe, pa msewu wa tala, ndiye pa boma nyuzi imafika. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma lino, ndipo ochuluka a iwo ali ku Mkanda, ku Kapiri, ku Mikundi ndi m'midzi ina kumene wogawa nyuzi saona phindu lopitirako ndi makope asanu. Kudalira otsatsa kulinso ndi minga yake. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linauza maofesi ake kuti asiye kutsatsa m'nyuzi za Nation, ndipo aliyense anaona mmene chingwe cha malonda chingasandukire goli.

Chichewa chinapatsidwa kachipinda kakuseri. Malawi News ili ndi Tikambe, Weekend Nation ili ndi Tamvani, masamba angapo obisika mkati mwa nyuzi ya Chingerezi, moti wofuna kuwawerenga ayenera kugula mtolo wonse. Ndi nzeru yabwino pa banja la m'tauni, bambo atenga zandale, agogo atenga Tamvani, koma mlimi sangagule ng'ombe chifukwa chofuna mchira. A Nation anayesa njira ina ndi Fuko, nyuzi ya Chichewa ndi Chitumbuka yogawidwa ulere kumidzi mothandizidwa ndi mabungwe. A Montfort ku Balaka anatulutsa Mkwaso. Ntchito zonsezi nzotamandika, ndipo Fuko yanena zinthu zokhudza zipatala, makhansala ndi ndalama za chitukuko zimene Boma Lathu sikanazinena. Koma tabwereranso pomwe paja. Nyuzi yaulere imakhala ndi moyo malinga ngati wothandizayo akadali ndi chidwi, ndipo mitu yake imatsamira ku zimene pulojekiti ikufuna chaka chimenecho.

Amene anapezadi njira yolowera m'thumba la munthu wa kumudzi ndi a wailesi. MBC inazindikira kalekale kuti munthu amene sangagule nyuzi amalipira mosawiringula uthenga wa maliro, pakuti m'bale wa ku Nchalo kapena ku Kitwe ayenera kumva lero lomwe. Inazindikiranso, ndi pulogalamu ya Nkhani za m'Maboma, kuti anthu amafuna kumva za mfumu yadyera, za mfiti yogwa pa lichero, za mwamuna wogwidwa kwa eni, nkhani zonga zimene amakambirana pa chigayo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 litatsegula mpata, mawailesi anachuluka. Zodiak ya Gospel Kazako inayamba mu 2005 nkumanga dzina lake pa Chichewa ndi atolankhani okhala m'maboma momwemo. Ku Mchinji kuno kuli Mudzi Wathu, ndipo kutsidya ku Chipata kuli Breeze FM imene anayambitsa Mike Daka, ndi Radio Maria. Mafunde a wailesi sadinditsa pasipoti pa Mwami. Muulutsi wa Breeze wodziwika kuti Gogo Breeze anatchuka poyankha makalata a omvera ndi kuyenda m'midzi ndi chojambulira mawu, mpaka katswiri wina wa ku Cambridge, Harri Englund, anamulembera buku lathunthu.

Ndalama za wailesi yotere zimabwera pang'onopang'ono ngati madontho a m'chidebe. Wa butchala afuna anthu adziwe kuti wapha ng'ombe, sukulu yapulaiveti ikulemba ana a fomu 1, wogula soya akulengeza mtengo pa kilo, mpingo uli ndi chitsitsimutso, mnyamata akupereka moni kwa chibwenzi chake cha ku Waliranji. Pamwamba pake pamabwera mapulogalamu olipiridwa ndi mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi, amene nthawi zambiri ndiwo amagula dizilo wa jenereta. Chimene wailesi inagulitsa, chimene nyuzi ya ku Blantyre sinathe, ndi dzina la munthuyo ndi la mudzi wake kumveka pagulu.

Tsopano kwabwera foni. Nyasa Times inayamba mu 2006 ili ku Britain, ikulembera makamaka Amalawi a kunja ndi a m'maofesi, ndipo pambuyo pake panabwera Malawi24, Maravi Post ndi ena. Makampani akale nawo sanagone. Times inatsegula wailesi ndi kanema, Nation ndi Times zonse zimagulitsa nyuzi ya pa intaneti yofanana ndi yapepala, yolipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo aliyense ali ndi tsamba pa Facebook. Pa mapepala a mapulani zimaoneka bwino: palibe pepala logula ndi madola, palibe galimoto, palibe venda wothawa ndi ndalama. Munthu wa ku Mkanda angathe kuwerenga nthawi imodzi ndi wa ku Area 47.

Koma khalani tsiku limodzi pa benchi ya kashopu kotchajitsa mafoni pa Kamwendo muone mmene nkhani imayendera. Mafoni ali ndandanda pa thabwa, aliyense ndi kapepala ka dzina la mwini wake, batire la sola lili pansi pa tebulo. Mnyamata wa kabaza akubwera kudzatenga yake, nkugula kabandulo ka WhatsApp ka tsiku limodzi, pakuti bandulo yotsegula intaneti yonse ndi yodula. Sapita pa tsamba la nyuzi iliyonse. Nkhani imamupeza m'gulu la mpingo, la anzake a mpira kapena la alimi a soya, ili chithunzi chojambulidwa pa tsamba la wina, kapena ili mawu a munthu amene wawerenga Chingerezi nkumasulira m'Chichewa, nkuthirako mchere wake. Iye akukweza voliyumu, anzake anayi aweramira pa foni imodzi. Wina akuti, "Aise, bwezera kumbuyo, akuti feteleza wafika pa zingati?" Atelala aja abwerera, kungoti tsopano ali m'thumba la malaya.

Chosiyana ndi chakuti lero wowerenga wa kumudzi akulipira, ndipo akulipira tsiku ndi tsiku, zimene ngakhale agogo ndi nkhuku zawo sanachitepo. Kungoti ndalamayo ikupita kwa kampani ya foni ndi kwa wotchajitsa. Mtolankhani amene anakwera kabaza kukafufuza nkhaniyo sapezapo kanthu, ndipo nyuzi yapaintaneti imene munthu mmodzi walipira imagawidwa m'magulu dzuwa lisanakwere. Otsatsa nawo apeza kuti angathe kulipira Facebook mwachindunji, kapena kupatsa kangachepe mwini tsamba la miseche lokhala ndi otsatira ambiri. Masamba oterewa ndiwo atola Chichewa chimene nyuzi zinachisiya kuseri. Amalemba mmene anthu amalankhulira, mosakaniza, mofulumira, nthawi zina mwabodza, ndipo pansi pake anthu mazanamazana amatsutsana m'chinenero chawo, a ku Lilongwe, a ku Chipata, a ku Tete ndi a ku Johannesburg pabwalo limodzi. Msika umodzi uja wa mu 1948 wadzuka wokha popanda ofesi youyang'anira, pamene ofalitsa athu akuonabe ngati owerenga awo amathera pa chipata cha Mwami.

Mwezi wathawu ndinaima pa Kamwendo pomwe paja kugula mandasi. Mtsikana wogulitsa anandiikira m'kajumbo kopyapyala. Nditamufunsa za nyuzi zokulungira, anati zinayamba kusowa ndipo kilo yake inakwera, moti akafuna pepala amagula makope akale a ana a sukulu. Foni yake inali pa chivundikiro cha ndowa, ikulankhula yokha. Munthu wina m'gulu lawo ankafotokoza za mlandu wa ng'ombe zobedwa kutsidya kwa malire, ndipo atangofika pamene woweruza anayamba kuwerenga chigamulo, bandulo inatha.